Lula ya Azakhali ndi Zilembo 64

Pamalo athu osindikizira, pepala silituluka pakhomo lisanadutse pansi pa lula ya azakhali anga. Ndi lula yachitsulo, manambala ake anafufutika kalekale, ndipo ntchito zake ndi ziwiri: kutsata mzere ndi kumenya tebulo. Ikalira kuti phaa, aliyense amadziwa kuti penapake palakwika, n'kuyamba kupemphera chamumtima kuti wolakwitsayo asakhale iye. N'chifukwa chake anzathu amawatchula kuti Mayi Lula, koma kumbali. Ine ndimati azakhali, poti ndi mlongo wawo wa bambo anga. Iwo amanditchula kuti Phuma, dzina limene anandipatsa ndili mwana nditavala diresi chotembenuza pothamangira kusukulu. Lero ndili ndi ana awiri, koma ndikadali Phuma yemweyo.

Malo athu ndi zipinda ziwiri. Kutsogolo kuli kauntala, makompyuta atatu ndi fani imene imazungulira ikafuna. Kuseri kuli makina osindikizira ndi wowayendetsa, bambo amene timangowati a Inki chifukwa zikhadabo zawo sizinayerepo chiyambire. Timasindikiza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mayeso a sukulu ndi timabuku ta makwaya. Ntchito yanga ndi kusanja masamba pa kompyuta. Ya azakhali ndi kugwira zimene ine ndalakwitsa, ndipo kunena zoona ntchito siwasowa.

Analowa pamalopa ali ndi zaka 19, kudzapinda mapepala ndi kusesa. Nthawi imeneyo zilembo zinali zachitsulo, zosanjidwa chimodzichimodzi ndi zala, ndipo wofuna kuziwerenga ankawerenga chobwerera m'mbuyo. Mtsikana wosesayo anayamba kufunsa. Chilembo ichi chagona chagada bwanji? Inki amapanga ndi chiyani? Pepala ili likulemera kuposa ilo chifukwa chiyani? Anafunsa mpaka mkulu wosanja zilembo anatopa nawo n'kuwapatsa mpando pambali pake kuti mwina akhala chete. Sanakhale chete, ndipo lero ali ndi zaka 63 sanakhalebe chete. Mukawagulira wailesi, musanatsanzike amakhala atatsegula kale kumbuyo kwake kuti aone mmene mawu akudutsira. Ukawaseka amati safunsa anadya phula.

Ukali wawo uli ndi pochokera. Chaka chawo choyamba pa ntchito yowerenga, banja lina linabweretsa pulogalamu ya maliro yolembedwa pamanja. Pamwamba panali dzina la malemu, m'munsi dzina la mchimwene wake woyankhula m'malo mwa banja. Posanja, mayina awiriwo anasinthana malo. Azakhali anangoponyapo maso n'kunena kuti zili bwino, mapepala mazana atatu n'kupita kumaliro. Patatha masiku awiri kunafika bambo wina atavala jekete lakuda. Anaika pepala lija pa kauntala n'kufunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Pepani, ndabwera kudzafunsa kuti ndinamwalira liti, poti kunyumba sanandiuze." Ife tikamakamba nkhaniyi timaseka mpaka misozi. Azakhali sanasekepo ngakhale kamodzi.

Kuyambira pamenepo anakhazikitsa lamulo lakuti chilichonse chiziwerengedwa ndi anthu awiri. Wina amatenga pepala la kasitomala n'kumawerenga mokweza, iwo n'kumatsata ndi lula pa pepala lathu, mzere ndi mzere. Ndiye pali msampha. Wowerenga mokwezayo ayenera kunama dala penapake, osachenjeza: kusintha tsiku, kudumpha dzina, kuwonjezera nambala. Lula ikalira, ndiye kuti wotsatayo ali maso. Ikapanda kulira, ndiye kuti akuwodzera. Msampha umenewu anaupanga okha, wodzitchera okha, ndipo ankanena poyera aliyense akumva kuti tsiku limene udzawadutse akuyang'ana, adzaika lula m'chikwama n'kupita kwawo osabwereranso. Zaka makumi anayi zinatha lula ikulira.

Chaka chatha abwana, mwana wa amene anayambitsa malowa, anayamba kuyang'ana pakona pa azakhali ndi diso lina. Pakonapo pali tebulo lawo ndi kompyuta yakale, yoti ukaiyatsa umatha kukawiritsa madzi a tiyi n'kubwera isanadzuke. Sisitimu yake, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, inali itasiya kalekale kulandira zatsopano, moti mafayilo ambiri a makasitomala inkangowakana. Abwana anati pakutha pa mwezi kompyutayo ichoke, paikidwe shelefu ya mapepala. Za mpando sananene kanthu, koma tonse tinamva, chifukwa shelefu sikhala ndi mpando. Anawonjezera kuti masiku ano kompyuta imadula yokha mzere wofiira pansi pa cholakwika. Azakhali anafunsa ngati mzere wofiirawo umadziwa amene wamwalira ndi amene ali moyo. Abwana anakhosomola n'kulowa kuseri.

Lachinayi lotsatira azakhali anaika kapepala pa kiyibodi yanga. Panali adiresi ya webusaiti, yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo dzanja silinali lawo.

"Phuma, akuti kumeneku kwatuluka sisitimu yatsopano sabata yatha. Akuti imayenda ngakhale pa nkhalamba ngati iyi. Akutinso ndi yaulere."

"Akuti ndani, azakhali?"

"Munthu. Iwe tatsegula."

Ndinatsegula, ndipo zinali zoona. Sisitimu ya mtundu umenewu ndinkaidziwa pang'ono kuchokera kukoleji, choncho ndinawafotokozera kuti si ya munthu mmodzi. Amailemba anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, ena ali pa ntchito, ena kunyumba akaweruka, ndipo malemba onse amene amaiyendetsa ali poyera. Aliyense akhoza kuwawerenga, kupeza cholakwika n'kuuza anzake.

"Ndiye kuti wina amalemba, wina n'kumatsata?"

"Eya. Mwina anthu masauzande."

"Odziwana?"

"Ambiri sanaonanepo n'komwe."

"Nanga akapeza cholakwika amamenya chiyani?"

Ndinati sindikudziwa, mwina kiyibodi. Anaganiza kanthawi, kenako anagwedeza mutu n'kunena kuti anthu amenewo analeredwa bwino.

Lachisanu m'mawa ndinayamba kupanga dawunilodi pa kompyuta yanga. Fayilo yake inali yaikulu, netiweki yathu ndi yaulesi, ndipo kamzere kosonyeza pamene yafika kankayenda ngati nyerere yosenza katundu. Azakhali ankabwera pafupipafupi kudzafunsa kuti yafika pati, ikuchokera dziko liti, nanga imadutsa pati kuti ifike m'chipinda muno. Masana magetsi anathima kanthawi. Atayaka ndinaipitiriza pomwe inalekera, ndipo pofika nthawi yoweruka inati yatha. Tinapangana kuti tidzaiike mawa lake, poti Loweruka timatseka masana.

Loweruka m'mawa ndinatulutsa fulashi kuti ndiikemo fayilo ija, azakhali n'kundigwira dzanja.

"Taima. Pa tsamba lija payenera kukhala malangizo. Werenga onse, mokweza."

Malangizo anali ndi magawo asanu. Loyamba linali kutenga fayilo, ndipo tinali titachita kale. Lachiwiri linali kutsimikiza kuti fayiloyo yafika bwino, gawo limene ine ndimalidumpha nthawi zonse ndipo sindinafepo nalo. Eni sisitimu amaika pa webusaiti yawo mzere wa zilembo ndi manambala 64, wosatanthauza kanthu ukauwerenga. Iwe ukatenga fayilo, umauza kompyuta yako kuti iisanthule yonse n'kutulutsa mzere wakewake. Mizere iwiriyo ikafanana, ndiye kuti fayilo yafika yathunthu, palibe chataika kapena chalowetsedwa panjira. Ikasiyana, usaigwiritse ntchito. Ndinawauza kuti zili ngati chidindo cha chala, fayilo iliyonse ili ndi chake.

"Chita," anatero.

Ndinachita, nkhope ili gwa, kuti ndiwaonetse kuti tikungotaya nthawi. Mzere wa pa webusaiti unkayamba ndi seveni. Wathu unayamba ndi bii, ndipo kuchoka pamenepo panalibe paliponse pamene iwiriyo inkagwirizana. Kuthima kwa magetsi kuja kunali kutaluma fayilo penapake, iyo n'kumanamizira kuti yatha. Manyazi anandigwira, koma azakhali anasangalala ngati atola ndalama pamsewu. Sanandinyoze n'komwe, mafunso anali atawachulukira.

"Kachidutswa kamodzi kokha kakasowa, mzere wonse umasintha? Osati pamalo amodzi?"

"Wonse."

"Ayi, sindikukhulupirira. Tayesa."

Anandiuza kuti ndilembe chiganizo chimodzi m'kafayilo kakang'ono n'kutulutsa mzere wake. Kenako ndiwonjezere kadontho kamodzi kumapeto, nditulutsenso. Ndinawawerengera mizere yonse iwiri, ndipo inali yosiyana kuyambira chilembo choyamba. Anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Ameneyu ndi mnzanga!" Anafunsanso chifukwa chake sanamvemo zilembo zina, ndipo ndinawauza kuti m'mizere imeneyi zilembo zimayambira pa ei n'kulekera pa efu, zina zonse ndi manambala. Sanalekere pomwepo. Anafuna kudziwa amene amatsimikiza kuti mzere wa pa webusaitiwo walembedwadi ndi eni ake, osati wakuba wina. Ndinafufuza, ndipo ndinapeza kuti palinso siginecha yapakompyuta imene eni akewo amaikapo, yoti umatha kuiyesa. Zimenezo ndinali ndisanachitepo chibadwire. Tsiku limenelo ndinachita, ndipo kompyuta inati siginecha ndi yabwino.

Tinayambiranso dawunilodi. Podikira tinakopera mafayilo onse a m'kompyuta yawo yakale n'kuwasunga padera, chifukwa malangizo anachenjeza kuti sisitimu yatsopano ikamalowa imasesa m'nyumba monse. Nthawi itakwana a Inki anasamba m'manja, ntchito yopanda phindu, anakhoma chipinda cha kuseri n'kutitsanzika. Abwana anali atapita kale. Tinatsala awiri, chitseko cha kumsewu chili chotsegula theka kuti mphepo izilowa.

Apa ndiyenera kuulula kupusa kwanga. Kwa miyezi isanu ndi umodzi azakhali ankandiuza kuti mapepala awo owerenga ndizisindikiza pa pepala lalikulu, zilembo zokulitsa, ati kuti apeze malo olembapo. Tebulo lawo analisunthira kukona ya kufupi ndi khomo, ati kumene linali kukutentha. Mapepala a makasitomala anayamba kupita nawo kunyumba tsiku loti mawa tiwerenga. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, munthu akamakula amachulutsa timalamulo. Lula inkalirabe pa msampha uliwonse, ndiye ndikanakayikira chiyani?

Cha m'ma wani koloko fayilo inatha. Ndinatulutsa mzere wake n'kuyang'ana.

"Zafanana, azakhali. Koyambirira n'chimodzimodzi, kumapeto n'chimodzimodzi."

"Pakati?"

"Mwamva nokha kuti pakalakwika pang'ono mzere wonse umasintha. Komanso kompyuta ikhoza kuyerekeza yokha."

"Iyerekeze yokha, ifenso tiyerekeza tokha. Bambo anamwalira ali moyo uja, pepala lake koyambirira ndi kumapeto kunalinso bwino. Sindikiza."

Mapepala aakulu anali atatsekeredwa kuseri ndi a Inki, choncho ndinasindikiza mzere wathu pa pepala wamba, zilembo zazing'ono za masiku onse. Azakhali analilandira n'kuliyang'ana kanthawi. Anakhala pa tebulo lawo, anakonza magalasi n'kuika lula. Ine ndinakhala patsogolo pa sikirini kuti ndiziwerenga wa pa webusaiti, zinayizinayi.

"Seveni, sii, ziro, ei."

"Ee."

"Folo, folo, efu, naini."

"Ee."

Pa gulu lachitatu ndinatchera msampha monga mwa lamulo. Panali filii, ine ndinati eyiti, n'kukweza mapewa kudikira phokoso.

"Ee," anatero azakhali.

Ndinadziuza kuti filii ndi eyiti zimafanana, aliyense akhoza kusokoneza. Ndinapitiriza. Patsogolo pang'ono panali wani, ine ndinati dii, zinthu zosafanana ngakhale pang'ono.

"Ee."

Ndinacheuka. Lula inali pansi pa mzere bwinobwino, chala chili pamwamba pake, koma chalacho chinali chitatsogola kutali ndi pamene ndinali. Mutu anali ataupendeketsa, akuyang'ana pepala cham'mbali ngati nkhuku yoona kabawi. Sindikudziwa chimene chinandigwira. M'malo moima, ndinatchula tsiku ndi mwezi umene ndinabadwa, manambala anayi amene iwo amawadziwa kuposa mayi anga.

"Ee."

"Thuu, bii, kei..."

Ulendo uno ee sanabwere. Ndinamva njinga yamoto ikudutsa mumsewu, ndi fani ija ikulira kudenga.

"Kei mulibe m'menemo," anatero motsitsa mawu. "Wanena wekha kuti zimalekera pa efu." Anachotsa chala pa pepala. "Misampha ingati yandidutsa?"

Ndikanatha kunama. Ndinayesa, koma pakamwa panakana, chifukwa anandilera ndi iwo omwewo.

"Itatu, azakhali."

Anatenga kansalu kopukutira magalasi, anapukuta lula mbali zonse ziwiri, n'kuiika m'chikwama. Anatseka zipi pang'onopang'ono. Ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse limene lulayo inandilirira.

Anandiuza ali chiyang'anire kukhomo. Pakati pa maso awo panabwera kamtambo. Za m'mbali amaona, koma chimene akufuna kuyang'anacho chimathawa, makamaka chikakhala chaching'ono. Adokotala anawauza kuti magalasi sangathandizenso kwenikweni. Mapepala a makasitomala ankapita nawo kunyumba kuti akawawerenge ndi galasi lokulitsa, liwu ndi liwu, mpaka kuwaloweza pamtima. Mawa lake msampha ankaugwira ndi makutu.

"Mawu ali ndi abale, Phuma. Ukanama tsiku la ukwati, mwezi umakutsutsa. Ukadumpha dzina la mkamwini, la mpongozi limatsala lokha. Koma izi," anagogoda pepala lija, "zilibe m'bale. Chilichonse chili chokhachokha. Apa pamafunika maso basi."

Kapepala ka adiresi kaja anawalembera bambo wina wokonza mawotchi amene anakumana naye pamzere kuchipatala cha maso. Iyenso maso anamuthawa, koma mwana wake anamuikira sisitimu imeneyi pa laputopu yakale, ndipo anawaonetsa pomwepo pabenchi mmene imakulitsira zilembo.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanayamba kunditsegulira zitseko ndi kundigwira mkono powoloka msewu."

"Nanga bwanji mwakakamira kuti tiwerenge, mukudziwa kuti simuona?"

"Ndimafuna ndidziwe zoona zake. Ndadziwa." Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. "Lamulo ndinaika ndekha. Ukawauze abwana kuti shelefu yawo aike."

Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo sindinapepesebe mpaka lero. Ndinaima pakhomo n'kuwauza kuti akhale pansi. Malangizo ali ndi magawo asanu, ife tachita awiri. Ndani amene amandikalipira tsiku ndi tsiku kuti ndimasiya ntchito pakati? Ndani amene amati kuona maso a nkhono n'kudekha? Lero Phuma ndi ndani m'chipinda muno? Anandiyang'ana cham'mbali muja, nthawi yaitali ndithu, kenako anabwerera pampando. Chikwama sanachichotse paphewa.

Ndinauza kompyuta kuti iyerekeze mizere ija, ndipo inati yafanana. Gawo lachitatu linali kulemba fayilo pa fulashi m'njira yoti kompyuta ithe kudzukira pamenepo. Lachinayi linali kubaya fulashiyo pa nkhalamba ija, kuiyatsa n'kudina batani lina isanayambe za masiku onse. Batani limenelo ndinaliphonya katatu, chifukwa kompyuta imene imachedwa pa chilichonse inasankha kufulumira pamenepo pokha. Kachinayi ndinalidina mobwerezabwereza ngati wogogoda pakhomo pa munthu wogontha, ndipo inamva.

Azakhali anali atatsimikiza kusayankhula, koma chibadwa sichibisika. Sikirini itasintha mtundu anasendeza mpando pang'ono.

"Tsopano ikuchita chiyani?"

"Ikufunsa chilankhulo."

"Zilipo zingati?"

Ndinayamba kuwawerengera mndandanda, ndipo unali wautali moti ndinalekera panjira. Anafunsa amene anamasulira zonsezo, nanga amene anatsata womasulirayo ndi ndani. Kenako inafunsa za kiyibodi, za nthawi ya kwathu, dzina la mwini kompyuta ndi pasiwedi. Pasiwedi analemba okha, zala zawo zimadziwa kiyibodi popanda maso, ndipo anandiuza kuti nditembenuke. Pomaliza panabwera chenjezo lakuti zonse za m'kompyutamo zifufutidwa, ndipo sizidzabwereranso. Anandiuza kuti ndiwerenge kawiri. Anafunsa ngati mafayilo tinasunga aja akutsegukadi, ndipo ndinatsegula atatu kuti amve. Kenako anatambasula dzanja n'kudina okha.

Gawo lachisanu linali kudikira basi. Kamzere kena kanayamba kuyenda, kompyuta ikulira m'mimba. Tinadikira, ine ndikuyang'ana kamzereko, iwo akuyang'ana kuwala kwa pakhomo. Ndinkaopa kuti zikakanika ndilibe china chowaimitsira. Ndinkaopanso kuti zitheka, koma maso awo n'kukanabe.

Inatha, inatiuza kuti tichotse fulashi, inazima n'kudzuka yokha. Inadzuka msanga moti azakhali anati ameneyu wasiya kumwa tiyi. Ndinapita pamalo pamene pali zothandiza anthu ovutika kuona. Choyamba ndinayatsa mawu owerenga zimene zili pa sikirini, n'kutsegula pulogalamu ina ya ukwati imene tinasindikiza mwezi wathawo. Mawuwo anayamba kuwerenga chilankhulo chathu ngati munthu wachimfine amene sanachimvepo, mayina a akwati n'kuwapotokola mochititsa chisoni. Azakhali anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Mzimitse, angatinyozetse. Makutu ndili nawo kale, ine ndikufuna maso."

Ndinazimitsa, n'kuyatsa chokulitsa. Ndinasintha kuti kumbuyo kukhale kwakuda, zilembo zoyera, ndipo ndinakulitsa pang'ono. Anati onjezera. Ndinaonjezera. Anati onjezeranso, mpaka chilembo chimodzi chinafika kukula ngati chikhatho cha mwana, pa sikirini pakukwana zinayi kapena zisanu zokha. Anaweramira kutsogolo, mutu uli chopendekera, n'kugwira mausi. Anayendetsa kumanja pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anawerenga dzina la mkwati, la mkwatibwi, tsiku, malo. Mwina izi anali ataloweza, ndinaganiza choncho, ndipo ndinaona kuti iwonso aganiza zomwezo, chifukwa anasiya mausi n'kuwongoka.

"Ika mzere uja apa."

"Azakhali, sisitimu yalowa kale. Mzerewo ulibenso ntchito."

"Sindikuyesa fayilo."

Ndinaika mzere wathu pa sikirini yawo, ine n'kubwerera pa yanga. Anatsegula zipi, anatulutsa lula, n'kuigwira chopingasa pansi pa zilembo zikuluzikulu zija, chitsulo chikugunda galasi la sikirini. Anati Lolemba akawauza okha abwana za maso awo, ndipo abwanawo adzaone okha chimene chikutheka. Koma zimenezo zidalira zimene zichitike tsopano.

Ndinawerenga zinayizinayi. Zinkachedwa, chifukwa gulu lililonse ankayamba aliyendetsa ndi mausi, kuliyang'ana cham'mbali, kenako n'kuti ee. Ndinafika pa gulu lachitatu, pa filii uja, ndipo ndinati filii. Ndinafika pa wani, ndinati wani. Paliponse pamene ndinkafuna kunama, lilime linkauma. Ndinkaona lula ija ikubwerera m'chikwama, ndipo sindinafune kuti amene waibweza akhale ine. Ndinawerenga zonse 64 molondola, n'kupumira m'mwamba.

"Zatha, azakhali. Zonse zagwirizana. Mwaona bwinobwino!"

Sanatembenuke.

"Sunatchere."

"Ndinaiwala."

"Sunaiwale. Wandimvera chisoni." Mawu awo sanali a munthu wofuna kulira. "Zaka zonsezi palibe amene anandiwerengerapo pepala lopanda msampha. Ngati wayamba iwe, ndiye kuti ntchito yandithera pomwe pano, abwana asananene n'komwe. Yambiranso."

Ndinapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kuyambiranso. Seveni, sii, ziro, ei. Ndinadutsa gulu lachitatu osanama, chifukwa pamenepo ankayembekezera. Ndinadutsa pakati. Ndinawasiya azolowere, ee aliyense akubwera mofanana ndi mnzake, mpaka tinatsala ndi magulu atatu okha. Pamenepo panali sikisi. Ndinapuma bwinobwino, ndipo ndi mawu omwewo, osakweza osatsitsa, ndinati faifi.

Anayendetsa mausi n'kuyang'ana cham'mbali. Kenako lula inachoka pa sikirini n'kutera pa tebulo kuti phaa, mpaka kapu ya zolembera inagwa pansi.

"Sikisi," anatero azakhali. "Tola zolemberazo, Phuma, upitirize. Kwatsala magulu awiri."